Chikuto chonyansa ndi chimbale cha zii: kodi pamenepa pali nyimbo?

Funso lachokera kwa bambo wina amene anaphunzitsa kwaya ya mpingo kwa zaka zambiri kumudzi, ndipo pano akukhala ku Leeds. Akuti: "Ndinagula katoni yathunthu ya zimbale zakale za galamafoni m'sitolo ya kaunjika kuno, zambiri za nyimbo za classical. Nyimbo zake n'zokoma, koma zikuto zina ndinachita kuzibisa alendo atabwera. Mwana wanga ataona ndikudandaula anandiseka, n'kundiikira pa foni nyimbo ya John Cage, wopeka nyimbo wa ku America, yotchedwa 4'33", kutanthauza mphindi 4 ndi masekondi 33, momwe mulibe liwu ngakhale limodzi. N'chifukwa chiyani nyimbo zaulemu chonchi amaziveka zovala zamanyazi? Nanga zii wojambulidwa tingamutche nyimbo, kapena akungotidyera ndalama?"

Bambo, choyamba mwachita bwino kugula katoni yonse osasankha. Amene amasankha zimbale za classical poona chithunzi nthawi zambiri amasiya mnofu n'kutola fupa. Ndiyamba ndi zikutozo, chifukwa funso la zii limamasuka lokha munthu akazindikira ntchito imene chikuto chimagwira.

Chisanafike chaka cha 1940, kawirikawiri chimbale chinalibe nkhope. Zimbale za masiku amenewo, zija zozungulira ka 78 pa mphindi, mbali imodzi inkangokwana nyimbo ya mphindi 4 kapena 5. Nyimbo yaitali ya Beethoven inkadya zimbale zingapo, ndipo ankaziika m'timatumba ta pepala lakhaki tomangidwa pamodzi ngati buku losungiramo zithunzi. Mawu oti alubamu anachokera pamenepo. Kunja ankangolemba dzina la nyimbo ndi la kampani, basi. Kenako kampani ya Columbia Records ku America inalemba ntchito mnyamata wina wojambula zithunzi, Alex Steinweiss, amene anaumiriza mabwana ake kuti katundu wovala khaki sakopa wogula. Chikuto chake choyamba chinatuluka mu 1940. Atajambulira chikuto chatsopano nyimbo ya Beethoven yotchedwa Eroica, yotsogoleredwa ndi Bruno Walter, magazini ya Newsweek inalemba kuti malonda ake anakwera ndi 895 peresenti. Oimba anali omwewo, nyimbo yomweyo, chinasintha ndi pepala lakunja lokha. Makampani ena ataona zimenezo palibe anabwereranso ku khaki. Mu 1948 Columbia yomweyo inatulutsa chimbale cha LP, mtundu umene mwagulawo, cholowa mphindi zoposa 20 mbali imodzi. Chikuto chake cha katoni, pafupifupi masentimita 31 mbali zonse, chinasanduka kachikwangwani koyenera kukuwa m'sitolo kuposa anzake. Chetechete sautsa nyama.

Kukuwako n'kosavuta kwa woimba wa reggae kapena wa nyimbo zauzimu. Wojambula amangomuimika mwiniwakeyo ndi suti yake, amwetulire, nkhani yatha, poti anthu akugula munthuyo. Tsopano tayerekezani kuti wojambulayo ndinu, bwana wakuponyerani kapepala kolembedwa kuti Brahms, Symphony No. 4, chikuto chikufunika Lachisanu. Nyimboyi ilibe mawu, ilibe nthano, dzina lake ndi nambala ngati ya basi. Mwiniwake anamwalira mu 1897, ndipo chithunzi chake cha ndevu zija makampani anzanu anachimata kale pa nyimbo yomweyi. Mujambula chiyani? Apa m'pamene pamabadwira dzuwa lolowa panyanja, duwa lofiira pa piyano, kandulo pambali pa vayolini. Za Brahms zithunzi zimenezi sizinena kanthu. Zimangouza wogula kuti muno muli zaulemu, tsitsani mawu.

Ena amathawira kwa oimbawo, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera zoseketsa zambiri. Woimba vayolini ubwana wake wonse unathera m'chipinda kubwereza mzere womwewo, kuima pamaso pa kamera sanaphunzire. Ndiye mumapeza bambo wachikulire wavala juzi yoluka, wakumbatira lipenga lake ngati khanda, maso kumwamba ngati wamva kuitana. Kapena anthu anayi awaimika m'munda wa tirigu ndi majekete akuda, zida zawo zamtengo wapatali zili padzuwa, malo amene woimba wamutu wabwino sangapite ndi vayolini. Herbert von Karajan, amene anatsogolera gulu la Berlin Philharmonic kwa zaka zoposa 30, anali ndi matenda enawo: kamera ankaidziwa mopitirira. Maso otsinzina, imvi zopesedwa bwino, ndipo pa zikuto zina dzina lake limaoneka msanga kuposa la wopeka nyimbo. Onjezani apo mulu wa mayina oyenera kulembedwa, wopeka, nyimbo, nambala yake, wotsogolera, gulu, woimba payekha, chizindikiro cha kampani, aliyense akufuna zilembo zazikulu. Chithunzi chimapezeka chapanikizidwa pakona ngati wokwera womaliza mu minibasi.

Ku Britain kumeneko zimbale zotsika mtengo zimene mupeze kwambiri ndi za Classics for Pleasure ndi Ace of Clubs, ndipo zambiri zimangokhala zosasangalatsa. Mfumu ya zikuto zamisala ili ku America, dzina lake Westminster Gold. Kampani ya Westminster inayamba ku New York mu 1949, ndipo inkajambula nyimbo zake zambiri ku Vienna, komwe nkhondo itangotha oimba aluso ankapezeka pa mtengo wotsika. Inali ndi otsogolera olemekezeka monga Hermann Scherchen. Mu 1961 inagulidwa ndi ABC, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 eni atsopanowo anafukula matepi akale aja kuti awagulitsenso motchipa, makamaka kwa achinyamata amene ndalama zawo zinkathera ku rock. Wokonza zikuto anali Christopher Whorf, ndipo zikuoneka kuti palibe anamugwira dzanja.

Chimodzi ndili nacho pano pa tebulo, m'makona mwake munatha ndi kugwiragwira. Ndi The Planets ya Gustav Holst. Pachikuto pali mwamuna ndi mkazi ovala zothina za m'mafilimu a m'mlengalenga, atagwira timfuti tooneka ngati zoseweretsa ana, nkhope zili gwa ngati akulondera banki. Mukachitembenuza mupeza kuti wotsogolera ndi Sir Adrian Boult, munthu yemwe anatsogolera nyimbo imeneyi tsiku loyamba kuimbidwa kwake ku London mu 1918, Holst mwiniwake ali pompo. Munthu wodziwa nyimboyi kuchokera m'kamwa mwa mwiniwake, n'kumubisa kuseri kwa timfuti tapulasitiki! Pa chimbale china cha Wagner anaikapo mkazi wosavala malaya, wadziphimba pachifuwa ndi zivundikiro ziwiri za matayala a Volkswagen. Nthabwala yake ndi yoti akazi ankhondo a m'zisudzo za Wagner amavala zachitsulo pachifuwa, ndipo Wagner ndi galimotoyo onse kwawo ndi ku Germany.

Zimenezi ine ndimazikhululukira, ndipo ndimazikonda pang'ono. Pamenepa panali munthu amene anamva nyimboyo, n'kuganiza, n'kuseka. Zimene sindikhululukira ndi za ulesi zija za dzuwa lolowa, zomwe mungazichotse pa Mozart n'kuzimata pa kalendala ya kampani ya maliro popanda wodandaula. Pakati pa ziwirizi pali zodabwitsa zina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Sony inatulutsanso nyimbo zotsogoleredwa ndi Leonard Bernstein pa mndandanda wa ma CD 100 wotchedwa Royal Edition, ndipo pachikuto chilichonse panali chithunzi chopenta cha Prince Charles, amene pano ndi mfumu. Mapiri ndi minda zopentedwa mofatsa ndithu, koma ubale wake ndi Bernstein wa ku New York mpaka lero sindinauone. Kampani ya Naxos, yomwe Klaus Heymann anaiyambitsa ku Hong Kong mu 1987, inasankha njira yosabisa: chikuto choyera ngati paketi ya mankhwala, pakati kachithunzi kakale kamene mwini wake anamwalira kalekale moti palibe womulipira. Ndalama ankazisunga kuti CD itsike mtengo, ndipo anthu ambiri anayamba kumva nyimbozi chifukwa cha paketi ya mankhwalayo. Zamanyazi zenizeni zimene mwina munabisazo ndi njira yakale ya amalonda onse. Ngakhale mu 1996 phokoso linabuka pamene Lara St. John, woimba vayolini waluso wa ku Canada, anaoneka pachikuto cha nyimbo za Bach ngati wosavala, vayolini itapingasa pachifuwa. Anthu anakangana za chithunzicho kwa nthawi yaitali kuposa za kaimbidwe kake.

CD itabwera mu 1982 chikuto chinafota kufika masentimita 12, ndipo pa foni lero n'chochepa ngati sitampa. Zikuto zazikulu zamisala zija sizidzabweranso, choncho zanuzo musataye. Posankha chimbale, chitembenuzeni, muwerenge wotsogolera, gulu ndi chaka chimene anajambula, kenako musolole chimbalecho muchiyang'ane powala ngati chilibe mikwingwirima yakuya. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma pa zimbale zotchipazi mwambiwo umayenda chobwerera: kawirikawiri kunja ndi kumene kuli nyerere.

Pali kampani imodzi imene ikutiolotsera ku funso lanu lachiwiri. ECM, ya Manfred Eicher, inayamba ku Munich mu 1969 ndi nyimbo za jazz, ndipo mu 1984 inalowa m'nyimbo za classical ndi chimbale cha Arvo Pärt chotchedwa Tabula Rasa. Zikuto zake ndi nkhungu, madzi, msewu wopanda munthu, nthawi zina zilembo zokha. Ndipo mukaika CD yawo, masekondi 5 oyamba simumva kanthu. Oyamba kumene amathamangira kukweza voliyumu. Eicher anachita dala, kuti khutu litsuke kaye phokoso la kumene mwachokera. Chete ameneyo akugwira ntchito yomwe ija ya chikuto, kukuuzani kamvedwe kake nyimbo isanayambe.

Inu monga mphunzitsi wa kwaya, za chete m'nyimbo sindingakuphunzitseni. Pa pepala la sol-fa, pamene oimba ayenera kupuma pamangosiyidwa mpata wopanda chilembo, koma mpatawo mumauwerenga ndi dzanja chimodzimodzi ndi doh kapena soh. Mayi mmodzi wa soprano akalowa msanga pampata umenewo, nyimbo waiononga ngakhale liwu lake likhale lolondola. Joseph Haydn ankasewera nazo zimenezi kale mu 1781: kumapeto kwa nyimbo yake ya zida zinayi za zingwe, Op. 33 No. 2, anaikamo mipata yoti omvera aganize kuti yatha, ayambe kuomba m'manja, oimba n'kuyambiranso. Ndipo mu 2010 ku Lucerne, Claudio Abbado atamaliza kutsogolera Symphony No. 9 ya Mahler, yomwe imatha mozimirira ngati mpweya wa wodwala, holo yonse inakhala duu pafupifupi mphindi 2 asanaombe m'manja. Amene anaona kanema wake amavomereza kuti mphindi zimenezo zinali mbali ya nyimboyo. Mpaka apa palibe mkangano. Mkangano umayamba munthu akachotsa mawu onse n'kusiya mipata yokha.

Cage sanali woyamba. Mu 1897 Alphonse Allais, wanthabwala wa ku France, anasindikiza nyimbo ya maliro a munthu wotchuka wogontha, mizere yokhayokha yopanda noti. Mu 1919 Erwin Schulhoff wa ku Prague analemba kanyimbo ka piyano kotchedwa In futurum, tsamba lodzaza ndi zizindikiro za kupuma zokhazokha. Amenewa ankaseka. Cage sankaseka, ndipo anazengereza zaka zingapo poopa kuti anthu adzayesa nthabwala. Mu 1948 ananena pagulu kuti akufuna kupeka nyimbo ya chete n'kuigulitsa ku Muzak, kampani imene inkathira nyimbo zosalekeza m'masitolo ndi m'maofesi, kuti makutu a anthu apumeko. Mu 1951 analowa m'chipinda chapadera ku Harvard University, chomangidwa kuti chimeze liwu lililonse. Ankayembekezera zii weniweni, koma anamva mawu awiri, ena okwera, ena otsika. Malinga ndi mmene iye ankafotokozera, injiniya wa pamalopo anamuuza kuti okwerawo ndi mitsempha yake, otsikawo ndi magazi ake akuyenda. Za mitsemphazo odziwa za makutu ena amakayikira, koma phunziro limene Cage anatolapo silidalira zimenezo: munthu ali moyo, zii kulibe. Chaka chomwecho mnzake Robert Rauschenberg anapenta zithunzi zoyera mbee, zopanda kanthu, zimene zinkasintha ndi mithunzi ya anthu odutsa ndi fumbi lomwe. Cage ataziona anati nyimbo zatsalira m'mbuyo.

Pa 29 August 1952, mu Maverick Concert Hall, holo yamatabwa ya m'nkhalango pafupi ndi Woodstock ku New York, David Tudor anakhala pa piyano ndi wotchi. Anatseka chivundikiro cha makiyi kusonyeza kuti gawo loyamba layamba, n'kuchitsegula litatha. Anatero katatu. Pa pulogalamu ya tsikulo magawowo anali masekondi 30, kenako mphindi 2 ndi masekondi 23, kenako mphindi 1 ndi masekondi 40, zonse pamodzi masekondi 273. Cage ankakumbukira kuti m'gawo loyamba munkamveka mphepo m'mitengo panja, m'lachiwiri madontho a mvula padenga, m'lachitatu anthu akung'ung'udza ndi kutuluka. Ambiri anapsa mtima. Osadziwa kuti oimba a gawo lachitatulo anali iwo omwe.

Ndiye kodi ndi nyimbo? Ikaimbidwa pamaso pa anthu, ine ndimati inde, ndipo sindinena monyinyirika. Pali woimba, pali omvera, pali poyambira ndi pothera, ndipo pakatipo anthu atchera khutu ku mawu mwa njira imene sachita pa depoti ya basi. Cage sanasankhe mawuwo, anangomanga mpanda n'kunena kuti chilichonse cholowa muno timvere. Amene anakhalapo pa mwambo wokumbukira omwalira, pamene gulu lonse limaima chete mphindi imodzi, amadziwa kuti chete wa anthu ambiri ogwirizana amalemera mosiyana ndi wa munthu wagona yekha. Chimene ndimakana ndi kukokomeza kwa ena oti ndi nyimbo yoposa zonse. Ndi nyimbo yopekeka kamodzi kokha. Wachiwiri kuichita wangobwereza mwambi umene tonse tikudziwa kale yankho lake.

Pa kujambula m'pamene nkhani imapindika, ndipo apa ndilankhula za ntchito yanga. Tsiku lina tinkajambula kwaya m'tchalitchi cha malata kumudzi wina. Titamaliza nyimbo yotsiriza ndinawapempha kuti aliyense akhale pomwe ali, osasuntha, osayankhula, mphindi imodzi. Amayi ena anayesa pemphero, anaweramitsa mitu. Ine m'mahedifoni ndinkamva malata akuthetheka ndi dzuwa la masana, njiwa zikupalasa padenga, chigayo cha dizilo kutali chikugunda, benchi ikulira pansi pa bambo wina wonenepa, mwana kumsana akupuma m'tulo, kenako belu la kabaza kumsewu. Mphindi imeneyo wojambula aliyense amaitenga, chifukwa ndi imene timaika pakati pa nyimbo ndi nyimbo. Tikapanda kutero, n'kuikapo zii wa kompyuta, ziro weniweni, womvera amadzidzimuka ngati mmene zimakhalira magetsi akazima usiku, filiji n'kusiya kulira, ndipo pamenepo m'pamene mumazindikira kuti inkalira. Choncho zii wojambulidwa alipo wa mitundu iwiri. Wina ndi chithunzi cha chipinda, chokhala ndi mpweya ndi anthu. Wina ndi fayilo yopanda kanthu.

Makina nawo zii amamuopa. Mu January 2004, BBC Radio 3 inaulutsa 4'33" ikuimbidwa ndi BBC Symphony Orchestra ku Barbican, London, ndipo anachita kuzimitsa kaye chipangizo chimene chimathira nyimbo chokha pa wailesi kukakhala zii kwa nthawi, poganiza kuti china chake chaonongeka. Omvera m'holomo anasunga chifuwa chawo mpaka pakati pa magawo, n'kukhosomola onse pamodzi, monga amachitira pa Beethoven.

Cage mwiniwake zimbale sankazikonda, chifukwa chimbale chimaumitsa chinthu chimene chimayenera kusintha tsiku ndi tsiku. Pa 4'33" vutoli limafika pachimake. Mukaimvera pa foni, mukumva mvula ya eni ake, chifuwa cha munthu wa ku London amene anachira kalekale, pomwe cholinga chinali choti mumve za m'nyumba mwanu. Komabe anthu aijambula kambirimbiri. Frank Zappa anaijambula pa chimbale chokumbukira Cage cha mu 1993, ndipo mu 2010 gulu la oimba ku Britain linayesa kuikankhira pa nambala 1 ya nyimbo za Khirisimasi, n'kuthera pa nambala 21. Mwa mitundu yonse, ine ndimakonda ya pa LP. Singano ikangotera, mumamva kuthetheka kuja ngati chimanga m'phale, ndipo chimbale chanu chimathetheka mosiyana ndi changa, chaka chino mosiyana ndi chatha. Mwangozi, chimbale chakale chimachita zimene Cage ankafuna.

Tsopano taonani zimene anthu ena achita ndi zii yemweyu. Mu 1969 John Lennon ndi Yoko Ono anaika pa chimbale chawo mphindi 2 za chete, zotsatira kugunda kwa mtima wa mwana wawo kumene anajambula Yoko asanapite padera. Amenewo ndi maliro. Mu 2014 gulu la ku America lotchedwa Vulfpeck linaika pa Spotify chimbale chotchedwa Sleepify, tinyimbo 10 ta zii, kalikonse kopitirira pang'ono masekondi 30, poti Spotify imawerengera malipiro nyimbo ikamvedwa masekondi 30. Anapempha owakonda kuti azichisiya chikuzungulira usiku wonse iwo ali m'tulo, ndipo chisanachotsedwe chinapanga madola pafupifupi 20,000, omwe anayendera ulendo woimba mwaulere. Kumeneko ndi kuchenjera. Mu 2017 Samir Mezrahi anagulitsa pa iTunes zii wa mphindi pafupifupi 10 wotchedwa A a a a a Very Good Song, chifukwa magalimoto ambiri akalumikizidwa ndi iPhone ankangoyamba kuliza nyimbo yoyamba pa alifabeti, ndipo anthu anatopa nayo. Chimenecho ndi chipangizo, ngati chotsekera botolo. Mu February 2025 oimba oposa 1,000 a ku Britain, kuphatikizapo Kate Bush, Annie Lennox ndi Damon Albarn, anatulutsa Is This What We Want?, chimbale cha masitudiyo opanda anthu, ndipo mayina a nyimbo zake 12 akawerengedwa motsatizana amapanga chiganizo chouza boma la Britain kuti lisaloleze makampani a AI, makompyuta otsanzira nzeru za munthu, kuba nyimbo. Chimenecho ndi chionetsero.

Muike zinayizi pa sipika popanda kuona dzina, simungasiyanitse maliro ndi kuchenjera. Chimene chikusiyanitsa ndi dzina, chithunzi ndi mawu olembedwa kunja. Apa m'pamene mafunso anu awiri akumana. Brahms mungamuveke nsanza kapena timfuti tapulasitiki, singano ikatera amakhalabe Brahms, chikuto sichingamupweteke. Chimbale cha zii mukachivula chikuto, palibe chotsala. Ndiye yankho langa pa zii wojambulidwa n'lakuti fayilo yopanda kanthu payokha si nyimbo. Chithunzi cha chipinda, ngati cha tchalitchi cha malata chija, chingathe kukhala nyimbo ngati chinajambulidwa ndi khutu labwino. Ndipo 4'33" ya pa foni ya mwana wanuyo ndi wotchi chabe yokuuzani poyambira ndi polekera kumvera.

Za kudyeredwa ndalama, mantha anu ali ndi pogwira pang'ono. Pepala la nyimbo ya Cage limagulitsidwa ndi kampani ya Edition Peters, ndipo mtundu wake wodziwika kwambiri uli ndi manambala a magawo atatu, pansi pa lililonse mawu a Chilatini oti tacet, amene pa pepala la woimba amatanthauza kuti gawo lino iwe khala chete. Mu 2002 Mike Batt anaika mphindi imodzi ya zii pa chimbale cha gulu lake, n'kulemba kuti opeka ndi Batt ndi Cage. Manyuzipepala anadzaza ndi nkhani yoti Peters yamulipiritsa ndalama zankhaninkhani chifukwa choba chete. Patapita zaka Batt anaulula kuti mkanganowo anaukometsera dala kuti anthu aukambe, ndipo chimene anapereka chinali mphatso ya mapaundi 1,000 ku bungwe losunga ntchito za Cage. Chinavuta pamenepo ndi dzina la Cage pachikuto. Zii alibe mwini.

Choncho musagule. Uzani mwana wanuyo aike foni pa tebulo ingowerenga nthawi, mutsegule zenera, mukhale naye pansi masekondi 273. Ku Leeds mvula sisowa, mwina mudzalandira gawo lachiwiri lofanana ndi la ku Woodstock. Mukadzabwerera kumudzi mudzayesenso ndi kwaya, koma muwachenjeze kaye, chifukwa anthu 40 atakweza mabuku, wotsogolera atakweza dzanja, kenako osatsitsa, woyamba kuphulika ndi kuseka amakhala wa bass.